KUKONZA MJIGO SI MATSENGA

Mjigo ukaleka kuturutsa madzi, m'midzi yambiri anthu amangopinda manja, nanena kuti wafa, ndipo ayembekeze a Boma. Pamenepo amai amabwerera kudambo ndi kumtsinje, kumene kuli madzi a matenda. Kuopsa kwace nkodziwika, pakuti kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino.

Ambiri amayesa kuti kupeza cimene caonongeka m'makina ndi mphatso yobadwa nayo. Maganizo amenewa ndi olakwa. Nchitoyi iri ndi njira yace, ndipo munthu ali yense angathe kuiphunzira monga aphunzira kuumba njerwa.

Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yocuruka, unacokera ku mjigo wa Maldev umene unayamba kupangidwa m'Malawi muno kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Anaupanga dala kuti eni mudzi aziukonza okha. Ndodo zace zimasololedwa ndi manja, popanda kuzula mapaipi, ndipo sipanala imodzi imakwanira nchito yambiri.

Mmisiri wanzeru sayamba ndi kumasula. Poyamba amafunsa amai otunga madzi kuti bvutolo linayamba liti ndiponso motani, cifukwa iwo ndiwo amaugwira tsiku ndi tsiku. Atatero amayesa. Ngati mjigo utapumula mphindi 30 ufuna kupopa koposa kasanu madzi asanabwere, ndiye kuti madzi akuthawa pa valavu ya pansi kapena paipi yang'ambika. Ngati kupopa ka 40 pa mphindi imodzi sikufikitsa malita 15, kawiri kawiri labala wokweza madzi watha. Mkono ukapepuka kotheratu, madzi osabwera konse, ndodo yaduka kapena yamasuka. Mkono ukamagwedera, mabelingi adyeka.

Lamulo lina ndi ili: ayambe ndi cinthu capafupi ndi cochipa, ndipo asinthe cimodzi cokha, nayesenso. Wosintha zinthu zinai nthawi imodzi amataya ndarama za mudzi, ndipo ngakhale madzi aturuke, sadziwa cimene cinali cobvuta. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ena adzati munthu wosaphunzira angagwetse ndodo m'citsime, naononga zambiri. Mau amenewa ali ndi coonadi, koma mankhwala ace ndi kuphunzitsa anthu, si kuwaletsa ai. Ndipo gawo lina la luso limeneli ndilo kudziwa polekezera: mapaipi akang'ambika, komiti iitane mmisiri wa m'deralo.

Cifukwa cace mafumu ndi makomiti a mijigo acita bwino kusankha amai ndi anyamata oti aziima pafupi mmisiri akamagwira nchito, kufunsa cifukwa ca ciri conse, ndi kulemba m'kabuku tsiku ndi cimene casinthidwa. Mudzi wotere sudzamwa madzi a kudambo miyezi itatu cifukwa ca labala mmodzi.