Gitala yanga yoyamba inafera pakhosi

Mng'ono wanga amaimba gitala kutchalitchi, koma gitalayo si yake. Ndi ya mpingo, ndipo mapemphero akangotha Lamlungu imatsekeredwa m'kabati, kiyi n'kupita ndi akuluakulu. Mkati mwa sabata mnyamatayu ankayeserera nyimbo pamtengo wa mopu. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde, mahedifoni ali m'makutu, zala zikuthamanga pamtengo wopanda nsambo, ndipo pakamwa panga panandipachika. "Usadandaule aise, ndikupangira yako." Sindinanene kuti ndikugulira, chifukwa mitengo ya magitala amagetsi m'mashopu a mu Limbe ndinali nditaiona kale. Ndinati ndikupangira, ine amene chachikulu chomwe ndinali nditakhomapo chinali shelefu ya nsapato, nayonso yotsimphina mwendo umodzi.

Mtima unandilimba chifukwa cha YouTube komanso mbiri zomwe ndinkawerenga usiku bandulo isanathe. Les Paul, yemwe dzina lake lili pa magitala a Gibson, anayamba ndi chipika cha paini chomwe anangomangirirapo khosi ndi nsambo. Leo Fender ankakonza mawailesi ku Fullerton, California, ndipo sankadziwa n'komwe kuimba gitala, koma ndi iye anatulutsa Telecaster ndi Stratocaster. Kwathu kunonso si zachilendo. Tonse tinaonapo banjo ya chigubu cha mafuta yokhala ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi anyamata a Madalitso Band afika kutali ndi babatoni, chida cha nsambo imodzi chopangidwa pamanja. Ndiye ndinkadzifunsa kuti chovuta n'chiyani.

Chomwe sindinachiganizire n'chakuti babatoni ilibe mafureti, tizitsulo topingasa tija tapakhosi la gitala. Woimba babatoni amalisaka yekha liwu ndi khutu ndi dzanja, akaphonya amasuntha pang'ono n'kulipeza. Pa gitala, liwu lililonse unalikhomera kale m'thabwa tsiku lomwe unkacheka. Ukaphonya tsiku limenelo, waphonyeratu nyimbo zonse.

Ndinayamba mu Febuluwale, mvula ili mkati. Ku Ndirande kuli madala ena opanga mipando ndi mabokosi amaliro, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka lililonse masana ndizibwereka benchi ndi zida zawo, ine n'kumawapatsa kenakake. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ananditumizira pabasi zomwe sindikanatha kupanga: waya wa mafureti, makiyi okungira nsambo, bridge yomwe nsambo zimatsamira kumunsi, ndi nsambo zake. Pamndandanda panalinso truss rod, kandodo kachitsulo komwe kamabisidwa m'kati mwa khosi. Ndalama zitachepa, ndinakafufuta. Ndinaganiza kuti chinthu chosaoneka sichingakhale chofunika kwambiri.

Thupi la gitala silinavute, ndipo ndi lomwe linandinamiza. Ndinasankha maonekedwe a Telecaster chifukwa ndi thabwa lafulati chabe, lopanda zokhotakhota zambiri. Matabwa awiri a paini, guluu, makilampu, kupala mpaka kunenepa kwake kufike mamilimita 45, kujambula, kucheka, sandipepa. Masabata awiri basi. Ndinaika chithunzi pa status ya WhatsApp, anthu n'kuyamba kunditchula injiniya. Wina anafunsa mtengo.

Thabwa la khosi ndinakagula pamsika wa matabwa, la mbawa, lofiirira bwino, ndipo wogulitsa analumbira kuti linauma kalekale. Nditafika nalo, madala aja analinyamula, kuligogoda ndi chala, kenako n'kuligunditsa patsaya.

"Achimwene, thabwa ili likadali ndi madzi. Liikeni kudenga uko, lione kaye dzuwa la Okutobala."

"Bambo, Okutobala ndi kutali. Mwana uja akudikira."

"Chabwino. Gitala ndi yanu."

Anabwerera kubokosi lomwe ankapala, osanenanso kanthu. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndinayankhidwa, phulalo n'kudyabe.

Apa ndiloleni ndikulowetseni m'masamu pang'ono, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Pa magitala ambiri a Fender, mbali ya nsambo yomwe imanjenjemera, kuchokera pakamtsamiro kakumutu kotchedwa nut kukafika pa bridge, ndi yotalika mamilimita 648. Ambiri a Gibson ndi aafupi pang'ono, pafupifupi 628. Kuti upeze malo a fureti yoyamba umagawa 648 ndi 17.817, n'kupeza 36.4. Zotsalazo umazigawanso ndi nambala yomweyo, choncho mipata imanka nichepa ukamatsikira kuthupi. Ukawerengera kuchokera pa nut, fureti yachiwiri imagwera pa 70.7, yachitatu pa 103.1, yachisanu pa 162.5, ndipo ya nambala 12 iyenera kukhala pakati penipeni, pa 324. Masamu onsewa ndinawakhoza pafoni. Chomwe ndinalakwitsa ndi kayezedwe. Ndinkayeza kuchoka pa fureti ina kupita pa inzake, ndi tepi ya kalipentala komanso pensulo yobuntha. Mzere wa pensulo yotere pawokha umadya theka la milimita. Kuphonya pang'ono apa, pang'ono apo, zonse n'kumaunjikana, moti pofika pa 12 ndinali nditaperewera ndi mamilimita atatu. Pa chitseko kapena tebulo, mamilimita atatu palibe angawaone. Pamalo amenewo pa gitala, mpata wa liwu lina ndi linzake ndi mamilimita 18 okha, ndiye atatu aliwonse khutu limawamva.

Sindinadziwe mpaka mu Epulo pomwe ndinakunga nsambo koyamba. Pafupi ndi mutu inkamveka ngati gitala ndithu, ndipo ndinavina ndekha pakati pa utuchi. Kutsikira chapakati, mawu ankamveka ngati kwaya yomwe alto yakwiyira soprano. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mng'ono wanga aziimbira kumtunda kokhako.

Kenako mvula inatha, mphepo youma ya Meyi ndi Juni inayamba, thabwa lija n'kuyamba kutaya madzi ake. Nsambo zisanu ndi imodzi za gitala yamagetsi, zapakatikati, zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 45. Tingoti thumba la chimanga lolendewera pakhosi usana ndi usiku. Ntchito ya truss rod ija ndi kulimbana ndi kukoka kumeneku, ndipo khosi likayamba kuwerama umaipotokola pang'ono n'kuliwongola. Langa linalibe. Linawerama ngati uta, n'kupotokanso chammbali, moti pakati pa nsambo ndi mafureti pensulo inkadutsa bwinobwino. Mng'ono wanga anayesa kudina kodi imodzi, zala zinachita mizere, n'kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, yayamba bwino." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanangoseka.

Gitalayo ndinaibisa kuseri kwa wadiropu kwa milungu itatu. Amayi ankangoti, "Nanga zija za Loweruka zinatha?" Anzanga a pa status aja ankafunsa kuti konsati ili liti. Chomwe chinandidzutsa n'chomwe ndinawerenga usiku wina: magitala oyambirira a Esquire omwe Fender anatulutsa mu 1950 analibenso truss rod, makosi ena anapindika, ndipo kampaniyo inayamba kuikamo kachitsuloko. Komanso Telecaster khosi lake silomatidwa ndi guluu, limangogwidwa ndi masikuluwu anayi. Likafa umamasula, n'kuika lina. Thupi langa la paini linali lidakali lamoyo.

Ndinabwerera ku Ndirande mutu uli pansi. Madala aja sananene kuti ndinakuuzani. Analiyang'ana khosilo motsinzina diso limodzi, monga amayang'anira thabwa lililonse, kenako analowa kuseri n'kutulukira ndi chidutswa cha felemu ya chitseko chakale, chakuda ndi fumbi, mabowo a misomali ali mbali imodzi.

"Iyi ndi mbawa yomweyo, koma inachekedwa inu musanabadwe. Inapindika kale zonse zomwe inkafuna kupindika."

Ndinakumbukira Brian May wa gulu la Queen. Gitala yomwe wakhala akuimba moyo wake wonse anayamba kuipanga ndi bambo ake mu 1963, ndipo khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo oothera moto m'nyumba, loti linali litatha zaka zoposa 100. Nditawerenga koyamba ndinkaiona ngati nkhani ya kusowa ndalama. Tsiku limenelo ndinaimva mwina. Ndipo mbawa yathuyi si yonyozeka ayi: kunja amaigulitsa ngati mahogany ya ku Africa, ndipo makampani opanga magitala amaigwiritsa ntchito.

Ndinamuimbira msuweni uja mwamanyazi kuti atumizenso waya wa mafureti, ndi kachitsulo komwe ndinafufuta kaja. Ulendo uno khosi lokha linanditengera miyezi iwiri ndi theka. Ngalande ya truss rod ndinaikumba ndi tchizulo pang'onopang'ono, chifukwa magetsi Loweruka ankakonda kuthima nthawi yomwe ndafika. Pamwamba ndinamatapo kathabwa kopyapyala ka mlombwa. Tepi ndinaisiya, n'kugula rula yachitsulo yaitali, ndipo fureti iliyonse mwa 21 ndinaiyeza kuchokera pa nut, osati pa inzake, kuti ndikaphonya imodzi isapatsire zotsatira. M'malo mwa pensulo ndinkalemba ndi nsonga ya mpeni. Kamng'alu kolowamo fureti kamafunika kukhala pafupifupi 0.6 ya milimita, pomwe sowo wamba amasiya mpata waukulu moti fureti imangogwedera. Madala aja anatenga kasowo kodulira zitsulo n'kukapala m'mbali pamwala wonolera mpaka mano ake anasiya kutambalala. Nzeru imeneyo sindinaione pavidiyo iliyonse. Kumbuyo kwa khosi ndinkasema ndi tupa, kugwira m'manja, kusemanso, mpaka dzanja lokha linavomera.

Za pickup, kachipangizo komwe kamatola mawu a nsambo, ndinene zoona: ndinagonja. Kapangidwe kake n'kosavuta kukamva. Ndi timaginito tisanu ndi kamodzi tokulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa, ampulifaya n'kutikweza. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni sizilira pa gitala yamagetsi. Ndinayesa kukulunga ndekha pa makina osokera a amayi. Waya unaduka katatu, kachitatuko nditataya kale chiwerengero, ndipo amayi anafuna makina awo. Ndinakagula pickup yakale kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi masipika. Sindikuchita nazo manyazi. Ndipo kwa ine, mikangano ya pa intaneti yoti mtengo uti umalira bwino pa gitala yamagetsi ndi ya anthu omwe khosi lawo ndi lowongoka kale. Woyamba kumene asataye nayo tulo.

Nditalumikiza zonse n'kubaya mu ampulifaya yobwereka, chomwe chinatuluka ndi mkokomo ngati wa thiransifoma. Ndinatuluka thukuta poganiza kuti ndawotcha kanthu. Wamawailesi uja anatsegula, kuyang'ana, n'kuseka. Ndinali nditaiwala kawaya kamodzi kolumikiza bridge ndi ethi. Anakawotcherera, n'kundiuza kuti m'kati mwa mabowo a mawaya ndimatemo foyilo yakukhitchini kuti itchinge phokoso la magetsi a m'nyumba. Anandichenjezanso chinthu chomwe ndikupatsirani inu nonse oimba m'matchalitchi ndi m'maukwati: kawaya kameneko kamachititsa kuti nsambo zomwe mwagwira zilumikizane ndi ampulifaya. Ngati ampulifayayo ili ndi vuto, ndipo pulagi yake ilibe ethi, kapena mawaya angosomekedwa m'soketi ndi timitengo ta machesi monga timaonera, magetsi angadutse mwa inu. Pulagi ya mano atatu si yodula.

Chomaliza chinali kuyesa ngati masamu aja agwira. Umaliza nsambo osaidina, kenako n'kuidina pa fureti ya 12. Liwu liyenera kukhala lomwelo, lokwera chabe. Likakwera mopitirira, umabweza kamtsamiro ka pa bridge m'mbuyo pang'ono ndi sikuludiraiva. Ndinatsegula apu yochunira gitala pafoni, manja akunjenjemera. Nsambo yoyamba, kasingano kanaima pakati. Yachiwiri inafuna kupotokola kawiri. Pofika yachisanu ndi chimodzi, madala aja anali atasiya puleni yawo n'kuima kumbuyo kwanga.

Mng'ono wanga ndinamupatsa kumapeto kwa Okutobala, mwezi womwe uja ndinauona kutalika. Si gitala yokongola. Vanishi anayenderera mbali imodzi, bowo la msomali wa chitseko chija likuonekabe kumutu, ndipo nsambo yachiwiri imalira ngati njuchi pa fureti ya 14 chifukwa ya 15 inatsala yokwera pang'ono. Iye anaikoleka paphewa, anadutsa khosi lonse kuchokera kumutu mpaka kumunsi, n'kubwereranso, osanena kanthu kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati angagone nayo kuchipinda kwake. Ndinamukumbutsa kuti palibe kabati, palibe kiyi.

Loweruka lapitali ndinapita ku Ndirande kukabweza tupa yomwe ndinaiwala m'chikwama. Thabwa la khosi loyamba lija analipachika kudenga, pamwamba pa mabokosi, lidakali chiweramire.

"Lisiyeni pompo, achimwene, ndimaonetsa anyamata ophunzira ntchito," anatero. "Koma felemu ija yatsala mbali ina. Gitala ya besi imafuna khosi lotalika bwanji?"

Ndinawauza kuti nsambo zake ndi mamilimita 864. Anatenga tepi n'kulowa kuseri.