Njanji ya Pabwalo, Mawu a Kwathu

Ana ambiri a ku Angónia sanaonepo sitima, ngakhale kuti malasha a ku Moatize amapita ku Nacala panjanji yodzera m'Malawi. Pophunzitsa za njanjiyi, tisadalire chithunzi cha m'buku chokha. Tiumbe nawo dziko lawo pabwalo: phiri la Dómuè la dongo lapachulu, mitsinje ya mchenga, mizere ya mbatatesi, ndi njanji ya mawaya ogonekedwa pa timitengo. Kenako tiwafunse m'Chinyanja kuti, "Njanji itafika kuno, ingadzere pati?" Wodziwa dambo sangaiyale palowe, wodziwa chitunda adzailambalalitsa. Nzeru zoterezi ana amachoka nazo kumudzi, ndipo amazifotokoza bwino m'chinenero chimene anayamwira. Chipwitikizi chibwere pambuyo, chidzatchule zimene ana amvetsa kale.