Makalata a Seaborg: kulemba anzako ntchito nkhondo ili mkati, kunali kukondera?

Ku Mulanje nkhani ya kalembedwe ka ntchito siitha pakamwa. Kaya ndi pa Chitakale, pa Limbuli kapena m'minibasi yopita ku Muloza, zikangomveka kuti uje wapeza ntchito, palibe amene amafunsa za masatifiketi ake. Funso limakhala lakuti: ali ndi ndani mkatimo? Ambiri amaona kulemba mnzako kapena wakwanu ngati chiyambi cha kuola kwa ofesi, ndipo kawirikawiri salakwa. Koma pali nkhani yakale ya ku America imene imavutitsa chiweruzo chimenechi.

Pa 19 Epulo 1942, tsiku limene ankakwanitsa zaka 30, Glenn Seaborg anatsika sitima mumzinda wa Chicago. Anali mphunzitsi wa kemisitiri pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo mu Febuluwale 1941 iye ndi anzake anali atatulukira chitsulo chatsopano chimene anachitcha plutonium. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, boma la America linkachifuna kuti lipangire bomba la atomiki, koma panalibe munthu amene anali atachionapo ndi maso. Ntchito ya Seaborg inali kupeza njira yochilekanitsira ndi yureniyamu. Anafika ndi mnzake mmodzi yekha, Isadore Perlman.

Amene angatsegule zolemba zake za tsiku ndi tsiku akuyembekezera zozizwitsa za mu labotale zokhazokha adabwa. Mbali yaikulu ndi ntchito ya pa desiki: kalata yoitana uje, kalata yoyankha amene wakana, kukambirana za malipiro, kunyengerera yunivesite imene ikukaniza mphunzitsi wake, ndi makalata opempha akuluakulu olemba asilikali kuti mnyamata wakutiwakuti asatengedwe kupita kunkhondo. Gulu la anthu awiri lija linakula mpaka asayansi pafupifupi 100, ambiri a iwo osakwana zaka 30.

Anawapeza bwanji? Kulengeza m'nyuzipepala kunali kosatheka, poti ntchitoyo inali yachinsinsi. Ngakhale m'kalata sakanatha kunena chimene akumuitanira munthu. Ankangomutsimikizira kuti ndi ntchito yaikulu kuposa iliyonse imene angaiganizire. Choncho anatembenukira kwa anthu amene ankawadziwa, ndi amene anzake ankawadziwa.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Stanley Thompson. Awiriwa anaphunzira limodzi kusekondale ku Los Angeles, n'kudzakumananso kuyunivesite. Thompson sanapitirize maphunziro panthawiyo. Ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Standard Oil. Seaborg anamuitana mu 1942. Zikanachitika kuno, anthu akanati bwana wakokera mnzake wa kusukulu pamphika. Koma mu Disembala chaka chomwecho Thompson anapeza kuti mankhwala otchedwa bismuth phosphate amakoka plutonium kuchoka m'madzi osungunuliramo yureniyamu, chinthu chimene akatswiri ambiri sankayembekezera. Njira imeneyi ndi imene anaigwiritsa ntchito m'mafakitale akuluakulu opangira plutonium a ku Hanford.

Albert Ghiorso nayenso analowa kudzera kudziwana. Analibe digiri ya udokotala; anali injiniya wa zamagetsi amene ankapanga makina oyezera mphamvu ya nyukiliya n'kumawapereka ku labotale ya ku Berkeley, kumene mkazi wa Seaborg, Helen Griggs, anali mlembi. Pambuyo pake munthu ameneyu anadzakhala nawo pa kutulukira maelementi atsopano 12. Burris Cunningham ndi Louis Werner, akatswiri oyeza tinthu tating'onoting'ono, anachokeranso ku Berkeley komweko. Pa 10 Sepitembala 1942 anayeza pasikelo kachidutswa koyamba kokhala ndi plutonium, kolemera mamaikilogalamu 2.77, kochepa kuposa kanjere kamodzi ka mchere wa patebulo.

Oikira kumbuyo Seaborg ali ndi mfundo yolimba. Nthawi inalibe chifundo, anthu ankaopa kuti Germany iyamba ndi iyo kupanga bombalo, ndipo pa ntchito yachinsinsi kukhulupirika kwa munthu n'kofunika ngati luso lake. Satifiketi imanena zimene munthu anakhoza pa mayeso, koma amene anakhala naye pa benchi imodzi amadziwa ngati ali ndi manja abwino, ngati amavomera zotsatira zikamutsutsa, ngati amapirira usiku wonse. Seaborg ankadziwa zimenezi za Thompson, ndipo komiti yofunsa mafunso kwa mphindi 20 sikanazidziwa.

Otsutsa nawonso sakulankhula zopanda mutu. Ukamalemba amene ukuwadziwa, amene sukuwadziwa sapeza n'komwe khomo logogodapo, ndipo mu America wa nthawi imeneyo anthu akuda ndi akazi anali ochepa kwambiri m'makalasi mmene maubwenzi oterewa ankayambira. Nkhani ya J. Ernest Wilkins imaonetsa mmene zinthu zinalili. Anali munthu wakuda, katswiri wa masamu amene analandira digiri ya udokotala ku Chicago ali ndi zaka 19 zokha, ndipo ankagwira ntchito mu labotale ya ku Chicago momwe munali Seaborg, ngakhale sanali m'gulu la Seaborg. Mu 1944 anzake atamasamukira ku Oak Ridge, m'chigawo cha kumwera kumene malamulo a tsankho ankalekanitsa azungu ndi akuda, iye sanapite nawo. Wasayansi Edward Teller anachita kulembera kalata wasayansi mnzake Harold Urey kumufunira malo kwina. Kalata ya mkulu imatsegula khomo, inde, koma kwa amene mkuluyo wamukumbukira.

Palinso nkhani ya chikumbumtima. Mnyamata amene wavomera ntchito asakudziwa kuti ndi yotani, chifukwa chongokhulupirira mphunzitsi wake, wasankhadi yekha? Plutonium imene anaphunzira kulekanitsa ija ndi imene inali mu bomba limene linagwa pa Nagasaki pa 9 Ogasiti 1945, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 70,000 anali atafa. Seaborg anali mmodzi wa asayansi asanu ndi awiri amene anasaina lipoti la Franck mu Juni 1945, lopempha kuti bombalo liyambe laonetsedwa pamalo opanda anthu. Boma silinamvere. Ena amati bombalo linafupikitsa nkhondo, ndipo mfundo imeneyi siili kutali ndi kwathu, poti asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenyana ndi Japan m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Olemba mbiri akadakanganabe. Ngakhale mwala wa yureniyamu wochuluka wa ntchitoyi unachokera mu Africa momwemuno, ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo, ndipo amene ankaukumba sanauzidwe kanthu.

Tisaiwalenso kuti zolemba za zaka za nkhondo Seaborg anazisonkhanitsa patadutsa zaka zoposa 30, kuchokera m'makalata ndi mabuku a mu labotale. Ndi bwana akufotokoza za ulamuliro wake. Amene anakanidwa ntchito salankhulamo.

Ndiye kunali kukondera kapena ayi? Chimene chikumupulumutsa Seaborg n'chakuti woweruza anthu ake sanali iye. Mainjiniya a kampani ya DuPont ndi amene anasankha njira ya Thompson mu 1943, ndipo inayenera kugwira ntchito pa mlingo wokulirapo kuwirikiza 1 biliyoni poyerekeza ndi wa mu labotale. Mnzake wa kusukulu akanakhala mbuli, dziko likanadziwa m'miyezi yochepa, ndipo dzina la Seaborg likanagwa naye limodzi.

Apa ndi pamene Mulanje akusiyana ndi Chicago. Dera lino limadziwa phindu la sayansi. Mu 1933 H. H. Storey ndi R. Leach anasonyeza kuti matenda amene ankachititsa chikasu masamba a tiyi kuno ankabwera chifukwa chosowa salufa m'nthaka, ndipo minda inapulumuka ndi fetereza. Ku Mimosa, likulu la Tea Research Foundation of Central Africa, kwatuluka mitundu ya tiyi monga PC 108 imene yabzalidwa mpaka kunja kwa Malawi. Koma tiyi sayankha msanga. Mtundu watsopano umatenga zaka zoposa khumi kuti utsimikizike, ndipo tchire lake limakhala m'munda zaka makumi angapo. Pa kafukufuku wotere, ndi m'maofesi ambiri a boma, sukulu ndi zipatala, cholakwa cha munthu wolembedwa mwachibale chimadzaoneka amene anamulemba atapuma kale pa ntchito.

Seaborg anali ndi zifukwa ziwiri: chinsinsi cha nkhondo, ndi mayeso achangu amene sakanatha kuwabera. Bwana wa ku Malawi wa lero alibe ngakhale chimodzi. Ngati akudziwa mnyamata kapena mtsikana waluso, amuuze alembe kalata yofunsira ntchito, aulule kwa komiti kuti amadziwana, ndipo atuluke m'chipindamo tsiku la mafunso.