ZA M'MAIKO ENA: Galimoto Zopanda Woyendetsa

Inu amene muli ndi ngolo mudziwa kuti ng'ombe zozolowera njira zimatha kubwerera kumudzi zokha, mwini wace ali m'tulo. Sabata ino tikuuzani za galimoto zimene zicita cimodzimodzi, ndiponso za mlandu umene zautsa pa misewu ya m'mizinda.

Mu mzinda wa Phoenix, ku Amereka, kampani ya Waymo inayamba m'caka ca 2020 kunyamula anthu wamba m'galimoto zopanda woyendetsa. M'caka ca 2024 inayamba kunyamulanso ali yense wofuna ku San Francisco ndi ku Los Angeles. Munthu aitana galimoto pa foni, ibwera, imtula kumene afuna, nipita kukatenga wina. Maso ace ndiwo makamera ndi zipangizo zoyesa kutalika kwa zinthu, ndipo nzeru zace ziri mu kompyuta.

Tsono taganizani. Galimoto wamba ikhala ciimire pafupifupi maola 23 pa tsiku, ndipo malo oimikapo galimoto adya dziko lalikuru pakati pa mzinda. Galimoto yosadikira mwini wace siifuna malo otere pakhomo pa sitolo. Ingofuna kamalo kotsitsira anthu m'mbali mwa msewu. Okonza mizinda ena ati malo otsalawo angasanduke njira zotakata za oyenda pansi ndi za njinga, kapena pobzala mitengo ya mthunzi, kapena misika.

Koma musafulumire kuomba m'manja. Galimoto zopanda munthu m'kati zingacuruke m'misewu, kumangozungulira podikira woziitana. Zifunanso khola lace. Mu August 2024 anthu ena a ku San Francisco anasowa tulo cifukwa galimoto za Waymo zinali kulizirana mahutala usiku pamalo ao oimapo. Coopsya kopambana cinacitika mu March 2018 ku Tempe, m'cigawo ca Arizona. Galimoto ya kampani ya Uber, imene inali kuyesedwa, inapha mai wina amene anali kudutsa msewu usiku akukankha njinga, ngakhale m'katimo munali munthu woiyang'anira.

Pakagwa ngozi yotere, ena afulumira kunena kuti, mangani mipanda, oyenda pansi asasokoneze makina. Zotere zinacitika kale. Galimoto zisanacuruke ku Amereka, msewu unali wa onse, ndipo ana anali kusewerapo. Galimoto zitayamba kupha anthu ambiri, mzinda wa Los Angeles unaika lamulo m'caka ca 1925 louza oyenda pansi malo oyenera kudutsira, mizinda ina nkutsatira. Kuyambira pamenepo msewu unakhala wa galimoto, ndipo woyenda pansi anasanduka mlendo. Mlandu wa lero ndi womwewo: malo amene galimoto zatsopanozi zidzasiya adzapatsidwa kwa anthu kapena kwa galimoto zina?

Mwina muti, ife alimi zitikhudza bwanji? Inu amene mupita ku tauni ndi dengu la tomato pamutu, kapena thumba la mtedza pa njinga, ndinu woyenda pansi amene tikunenayo. Cifukwa cace akakuitanani ku msonkhano wa za msewu wodutsa pa msika wanu, musakhale kumudzi. Pitani, mukafunse mwaulemu: ana a sukulu adzadutsira pati? Amai ogulitsa adzakhala pati? Ngolo idzaima pati? Funsani phula asanathire, pakuti madzi akatayika saoleka.

Tsalani bwino, tidzacezanso sabata ya mawa.