Pa Gadzema tiyeni tizidya sadza, nyama yosadziwika tiisiye

Abale amalonda ndi madalaivala, ambiri a ife tikachoka ku Mwanza, kudutsa Tete ndi Nyamapanda mpaka Harare, timalowa msewu wa A5 wopita ku Bulawayo. Tisanafike ku Chegutu timadutsa pafupi ndi Gadzema, dera la migodi ya golide. Kumeneko ndi ku Kadoma kuli abale athu amene makolo awo adachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, kotero kupeza munthu woyankha Chichewa si kovuta. N'chifukwa chake timamasuka msanga, ndipo wina akatiyandikira ndi nyama yowamba yotchipa, amvekere "ya m'tchire iyi", timafulumira kutulutsa madola.

Maganizo athu ndi akuti nyama imeneyi tisamagule.

Choyamba, nyama ikawambidwa sidziwika kuti idafa bwanji. Mu 2013 opha nyama mozembera adathira poizoni wa cyanide m'madamu a ku Hwange, njovu zambiri n'kufa. Poizoniyu ndi yemwe amagwiritsa ntchito poyenga golide. Palinso anthrax: mu 2011 anthu a ku Chama ku Zambia adadwala atadya mvuu zofa zokha, ndipo mu 2023 matendawa adabukanso ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Kuwamba nyama sikupha kachiromboka. Dalaivala akadwala panjira, katundu wa bwana amagona pamsewu, ana kunyumba akudikira.

Chachiwiri ndi lamulo. Ku Zimbabwe munthu akapezeka ndi ngaka, imene iwo amati haka, kapena mnyanga wa njovu, chilango chimayambira zaka 9 kundende. Kwathu lamulo la nyama zakutchire lomwe lidakonzedwanso mu 2017 limafika zaka 30. Amene wakugulitsani nyama lero, mawa ndi yemwe adzakupempheni kuti mumunyamulire "kaphukusi" ka ku Blantyre. Pa rodibuloko wapolisi safunsa mwini wake, amafunsa amene ali pa chiwongolero.

Ena anena kuti ulendo sukoma popanda kulawa zachilendo. Zoona, koma zolawa zilipo zambiri: sadza ndi nkhuku ya lokolo yomwe amati road runner, muriwo wotendera, madora okazinga, maputi otafuna mukuyendetsa, ndi mazhanje a m'nyengo ya mvula, omwe ndi masuku athu aja. Mukafunitsitsa nyama ya m'tchire, lowani m'butchala yovomerezeka, mutenge lisiti, mudyere konko. Kuwoloka nayo boda kumafuna chilolezo cha azowona za ziweto.

Nyama zamoyo tizingoziona. Amene mumapitirira ku Victoria Falls kapena Chirundu, chepetsani liwiro usiku, njovu musaiimbire hutala, ndipo anyani a pa boda musawapatse chakudya, mawa adzang'amba tenti ya mnzanu.

Mwini lole akhoza kugula ina. Inu mukalowa m'ndende ku Kadoma, akubweretsereni chakudya ndani? Yendani bwino, abale.