Cibvomezi Sicidziwa Malire

Pa 10 Marichi 1989 cibvomezi cinagwedeza dziko ku Salima m'Malawi. Anthu 9 anafa ndipo ena zikwi zambiri anasowa pogona. Mu Disembala 2009 cinagwetsanso nyumba zambiri ku Karonga. Anthu a ku Lundazi asayese kuti izi n'za kutali, pakuti boma lao liri pakati pa cigwa ca Luangwa kumadzulo ndi cigwa ca Nyanja ya Malawi kum'mawa. Zigwa ziwirizi zinapangika cifukwa ca ming'alu ya m'matanthwe a pansi pa dziko.

Thanthwe likatsetsereka pa mng'alu wotere, mphamvu yake imafalikira mbali zonse monga mafunde a padziwe mwana akaponyamo mwala. Mafunde oyamba amakankha ndi kukoka nthaka, nathamanga makilomita ngati 6 pa sekondi imodzi. Ndiwo amamveka ngati lole yolemera ikudutsa pafupi. Aciwiri amagwedeza uku ndi uku, ndipo liwiro lao ndi makilomita ngati 3 ndi theka pa sekondi. Otsiriza amayenda pamwamba pa nthaka pang'onopang'ono. Aciwiriwa ndi otsirizawa ndiwo amagwetsa zipupa kawirikawiri.

Akatswiri amawerenga nthawi yopita pakati pa mafunde oyamba ndi aciwiri. Sekondi iriyonse imasonyeza mtunda wa makilomita ngati 8 kucokera pomwe thanthwe lasuntha.

Akulu anati cakudza siciyimba ng'oma, koma cibvomezi cimatsogoza mthenga. Mukamva kugunda koyamba musaime kufunsana, pakuti kugwedeza kwakukulu kuli m'njira. Bisalani pansi pa tebulo lolimba ndi kuphimba mutu. Amene ali panja atalikire zipupa ndi mitengo. Aphunzitsi aphunzitse ana zimenezi m'masukulu.

Dziwaninso kuti dothi lofewa la m'dambo limakulitsa mafunde, pamene nthaka yolimba imagwedezeka pang'ono. Cotero tipempha mafumu ndi nduna zao kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila kuti pogawa malo omangapo apewe madambo. Mlimi amene wagulitsa cimanga kapena nshawa nafuna kumanga nyumba ya njerwa akumbe maziko akuya, alumikize njerwa bwino m'makona, ndipo aike lintala yozungulira nyumba yonse. Ndalama ya simenti ndi yocepa poiyerekeza ndi moyo wa ana ogona m'nyumbamo.