Tipatseni adiresi yathu pa intaneti

Munthu wa kwa Kawinga akagula bandulo pafoni amayesa kuti wagula intaneti yonse, chonsecho wagula theka. Iye amafika kwa ena, koma ena sangafike kwa iye. Alimi a nandolo pa Ntaja atasonkherana kugula kompyuta yosungira kaundula wa gulu lawo, mlembi wawo ali ku Balaka sangaitsegule, chifukwa kompyutayo ilibe adiresi yakeyake. Makampani a mafoni amaunjika makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Zili ngati mudzi wonse wolandirira makalata pa bokosi la sukulu, koma ahedi n'kumakupatsani mayankho a makalata amene mudalemba nokha basi, ena onse n'kumataya.

Mukafunsa makampaniwa akuuzani kuti maadiresi adatha. Inde, a mtundu wakale wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, nkhokwe yake yaikulu idauma mu Febuluwale 2011, ndipo AFRINIC ya ku Mauritius, yomwe imawagawa mu Africa, yakhala ikuzunguzika ndi milandu mpaka khoti lidaiikira woyang'anira mu 2023. Koma pali IPv6, yomwe maadiresi ake ndi osawerengeka. Google ndi Facebook adaiyatsa kale mu Juni 2012. Starlink, mlendo wofika kuno mu 2023, amaipereka. Nanga eni nthaka akudikira chiyani? Uku ndi kutiderera!

Amene akulira ndi ife. Sukulu, mpingo kapena kagulu ka alimi kakafuna malo osungira zinthu zake pa intaneti, kamakankhidwira kukachita lendi seva kwa makampani akunja, ndipo kumeneko amafuna madola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lendi idakwera usiku umodzi, seva ili yomweyo. Madolawo ukawapeza kuti, poti ngakhale ogula mafuta ndi feteleza amawasowa? Uthenga wochoka pa Ntaja kupita ku Liwonde ukuyamba wakazungulira ku Johannesburg kapena ku Ulaya, pomwe malo olumikizira makampani a intaneti a m'dziko muno, MIX, adatsegulidwa ku Blantyre mu 2008, ndipo nyumba ya boma yosungira deta idatsegulidwa mumzinda womwewo mu Julayi 2022.

Ena akuti seva ya pakhomo ndi maloto a chumba: magetsi amazimazima, fumbi ndilo, akuba a pa intaneti sagona. Sakunama. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima udatikhalira miyezi yambiri. Koma a Baobab Health, omwe adayambira pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, adaika maseva oyendera mabatire m'zipatala zathu zomwezi, ndipo kaundula wa odwala adayenda. Lero sola ili pamadenga a masitolo ambiri. Wofuna kulipira kampani alipire, ndi ufulu wake. Wofuna kusunga zake pakhomo asatsekeredwe khomo ndi kampani imene akuilipira mwezi ndi mwezi.

A MACRA, ziphaso za makampaniwa zili m'manja mwanu. Lembanimo kuti aliyense wogulitsa intaneti apereke IPv6 kwa kasitomala aliyense popanda mtengo wapadera, muike tsiku, ndipo wolephera mumulipitse chindapusa.